Sienta yotsamwa pa chitunda cha Thabwa: lipoti la kafufuzidwe ndi kakonzedwe kake

Galimoto ya m'lipotili ndi Toyota Sienta ya mu 2010, mtundu wa NCP81, ya injini ya 1NZ-FE ya 1,496 cc ndi giyabokosi ya CVT, mtundu wa otomatiki wosintha liwiro mosadumpha magiya. Inalowa m'dziko muno kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe, ndipo imanyamula anthu pakati pa Blantyre, Chikwawa ndi Nchalo. Inali itayenda makilomita opitirira 190,000. Mwini wake ndi mayi wina wochita malonda ku Limbe, koma amene ndinamufunsa kwambiri ndi dalaivala, popeza ndiye amaswera nayo pamsewu.

Dandaulo lake linali ili: "Amisiri, ndikaponda moto imayamba yajejema kaye, kenaka n'kudzuka. Pa chitunda ndiye imachita kutsamwa, mpaka anthu amandifunsa ngati mafuta atha." Nditamufunsitsa zinatuluka zina zimene iye ankaziona ngati zazing'ono. M'mawa potsetsereka kupita kuchigwa galimoto imayenda bwinobwino. Vuto limabwera pobwerera masana, itadzaza anthu ndi matumba, kuyambira pa Thabwa kukwera phiri. Limakula kwambiri singano ya mafuta ikatsika kupitirira kota. Ikaima kanthawi pa siteji, sitata imazungulira nthawi yaitaliko injini isanalire. Nyali ya check engine inayakapo, koma makaniko wina anachotsa waya wa batire ndipo nyaliyo inazima.

Isanafike kwa ife inali itadutsa m'magalaja awiri. Anaikamo mapulagi anayi atsopano ndi makoyilo (zida zopereka moto ku mapulagi) awiri ochokera pa injini ina, anatsuka throttle body (pamene pali chitseko cholowetsa mpweya mu injini), anathira m'thanki botolo la mankhwala otsukira mainjekita (timilomo topopera petulo mu injini), ndipo anasintha pampu ya mafuta. Zonsezi zitakanika, chigamulo chinali choti giyabokosi yatha. Mayiwo anali atayamba kale kufunsa mitengo ya CVT ina, ndipo anangobwera kuti tiwatsimikizire. "Bambo, mundiuze zoona," anatero, "ndigule giyabokosiyo kapena ndingoigulitsa galimotoyi?" Ndinawapempha kuti asagule kanthu mpaka titayeza.

Chimene chimachitika munthu akaponda moto

Injini ya petulo ikatentha n'kumayenda mwakachetechete imafuna mpweya ndi mafuta pa mlingo wa magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Mukaponda moto mwadzidzidzi, chitseko cha throttle chimatseguka ndipo mpweya umalowa nthawi yomweyo chifukwa ndi wopepuka. Mafuta amatsalira m'mbuyo pang'ono, ena amamatirira m'makoma a njira yolowera m'silinda. Pa galimoto zakale za kabureta panali kapampu kakang'ono kothira mafuta owonjezera pa mphindi imeneyi. Pa 1NZ-FE ntchitoyi imagwiridwa ndi kompyuta, imene imatalikitsa nthawi yotsegula mainjekita. Koma kompyutayo imadalira zinthu ziwiri zimene siingathe kuziona yokha: kuti sensa ya MAF, yoyeza kuchuluka kwa mpweya wolowa mu injini, ikuiuza zoona, ndiponso kuti kuseri kwa mainjekita kuli pulesha yokwanira. Chimodzi chikalakwika, mafuta amachepa pa nthawi imene akufunika kwambiri, ndipo dalaivala amamva kujejema kuja.

Pa mphindi yomweyo moto wa pa mapulagi nawo umakumana ndi ntchito yaikulu, chifukwa silinda ikadzaza mpweya moto umavutika kudumpha pampata wa pulagi. N'chifukwa chake koyilo yofooka imabisala injini ikamangolira poima, n'kudzaonekera pa chitunda. Ekisozi yotsekeka nayo imabweretsa zofanana. Choncho kujejema pakokha sikutchula chida chimene chawonongeka. Amene amasintha mapulagi poyamba sakhala kuti alakwitsa kuganiza. Chimene chimasowa n'kuyeza.

Giyabokosi, moto ndi ekisozi

Nkhani ya giyabokosi ndinaithetsa pamsewu, ndikuyang'ana singano ya rpm, yosonyeza liwiro la kuzungulira kwa injini. CVT ikamaterereka, injini imakuwa, singano imakwera, koma liwiro silikwera. Apa zinali zosiyana: ndikaponda moto singano imayamba yagwa pang'ono, n'kumakwera mokakamizika, ndipo liwiro limatsatira singanoyo mokhulupirika. Ndiye kuti giyabokosi imapereka kumatayala zonse zimene injini yaipatsa, koma injiniyo ndi imene ilibe chopereka. Mafuta a m'giyabokosi anali asanade ndipo sankanunkha kupserera. Ndinangokumbutsa mayiwo kuti ya mtundu umenewu imafuna CVT Fluid TC, osati mafuta wamba a otomatiki amene ena amathiramo.

Mapulagi anali a mtundu woyenera, mpata wake 1.1 mm. Chimene chinandigwira mtima ndi maonekedwe ake: onse anayi anali oyera mbuu kunsonga, ngati sanagwirepo ntchito. Pulagi ya injini yathanzi imakhala yofiirira pang'ono. Kuyera kotere pa masilinda onse kumaloza ku mafuta ochepa pa injini yonse, osati ku koyilo imodzi kapena injekita imodzi. Makoyilo ndinawayeza ndi choyezera moto chokhala ndi mpata waukulu, ndipo onse analumphitsa moto wa buluu wamphamvu. Dalaivala anali atasunga makoyilo awiri akale aja pansi pa mpando. Nawonso nditawayeza anapezeka abwinobwino.

Kompulesheni, mphamvu imene silinda imapanikizira mpweya, inali pakati pa 1,270 ndi 1,340 kPa (muyeso wa pulesha). Buku la Toyota limati isatsike kupitirira 1,079 kPa ndipo masilinda asasiyane kupitirira 98 kPa, ndiye apa panalibe chodandaulitsa, ngakhale silinda yachitatu ndi imene inali yotsikirapo. Geji ya vakyumu, yoyeza mmene injini ikukokera mpweya, inaima pa mainchi 16 osagwedezeka. Wina wozolowera mabuku olembedwera m'mphepete mwa nyanja yamchere angati n'zochepa, popeza kumeneko amayembekezera 17 mpaka 21, koma Blantyre ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 ndipo pamenepa geji imatsika ndi mainchi atatu kapena kupitirirapo pang'ono. Nditaigwira injini pa 2,500 rpm singano siinatsike pang'onopang'ono monga imachitira ekisozi ikatsekeka. Catalytic converter, chida choyeretsa utsi cha mu ekisozi, inali ilipobe ndipo siinkaphophonya kanthu.

Zimene kompyuta inanena

Timakina totchipa tolumikiza ku foni nthawi zina sitimvana ndi galimoto zopangidwira msika wa ku Japan, ndipo n'kutheka kuti n'chifukwa chake wina ananena kuti "kompyuta sikuonetsa kanthu". Pa makina athu panapezeka khodi imodzi yodikira kutsimikizika, P0171, yotanthauza kuti mafuta akuchepa poyerekeza ndi mpweya. Panalibe khodi yosonyeza silinda yolephera kuyatsa mafuta, P0300 kapena anzake. Kuchotsa batire kuja kunafufuta mbiri imene ikanatithandiza, makamaka chithunzi cha mmene injini inalili pa mphindi imene nyali inayaka. Chizolowezi chozimitsa nyali chonchi chimandipweteka mtima, chifukwa wolipira ndi mwini galimoto amene amapita kwawo akuganiza kuti yachira.

Khodi imangokulozerani dera. Nkhani yeniyeni ili pa fuel trim, manambala osonyeza kuchuluka kwa mafuta amene kompyuta ikuwonjezera kapena kuchotsa itamva lipoti la sensa ya mu ekisozi. Pali ya nthawi yomweyo ndi ya nthawi yaitali, ndipo ndimaziphatikiza. Zikakhala mkati mwa 10 peresenti mbali iliyonse sindidandaula. Kuno kwathu ndimayembekezeranso kuti zipendekere pang'ono ku mbali yowonjezera, chifukwa petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol, ntchito imene inayamba mu 1982 ndi fakitale ya ku Dwangwa, ya ku Chikwawa n'kudzawonjezereka mu 2004. Ethanol amafuna mpweya wochepa kuti apse, choncho petulo wokhala ndi 10 peresenti ya ethanol amachititsa kompyuta kuwonjezera mafuta ndi maperesenti atatu kapena anayi. Limeneli si vuto, ndipo makaniko asathamangitse nambala imeneyi.

Pa Sienta imeneyi, injini ikungolira poima, zonse pamodzi zinali +3. Pa 2,500 rpm itaima zinafika +9. Pamsewu, ndikukwera kamtunda ndi moto wapakatikati, zinakwera mpaka pakati pa +24 ndi +28. Kakweredwe kameneka kananena zambiri. Mpweya ukamalowa mozemba pa paipi yong'ambika kapena pa gasiketi ya manifodi, manambala amakhala okwera poima n'kumatsika mukaponda moto, popeza kabowo kakang'ono sikaonekanso mpweya ukachuluka. Apa ankakwera pamodzi ndi katundu. Otsala pamlandu anali awiri: MAF yonama, kapena mafuta osafika mokwanira. Onse awiri amapereka chithunzi chimodzi pa fuel trim, ndiye pamafunika njira yowalekanitsa.

Sensa ya MAF

Njira yake ndi masamu ochepa. Injini ya masitiroko anayi imakoka mpweya wodzaza masilinda ake onse kamodzi pa kuzungulira kuwiri. Pa 4,000 rpm, injini ya malita 1.5 imakoka pafupifupi malita 50 pa sekondi. Kuchigwa kotentha lita ya mpweya imalemera pafupifupi magalamu 1.13, ndipo masilinda sadzaza kwathunthu, tinene kuti magawo 9 pa 10. Choncho chitseko chitatseguka chonse, MAF iyenera kuwerenga pafupifupi magalamu 50 pa sekondi. Ubwino wa muyeso umenewu ndi woti sudalira mafuta: kaya pampu ndi yofooka kaya ndi yamphamvu, injini ikazungulira pa 4,000 rpm chitseko chili chotsegula imakoka mpweya womwewo. Yathuyi inawerenga 39. Kusiyana kotere sikungabwere chifukwa cha kutentha kwa dzuwa kapena kukalamba kwa injini.

Nditamasula sensayo, timasikuluwu tiwiri basi, ndinaiyang'ana padzuwa ndi galasi lokulitsira. Mkati mwa kanjira kake muli timawaya tiwiri topyapyala, kamodzi kamatenthetsedwa ndi magetsi ndipo mpweya wodutsa umakaziziritsa. Kompyuta imadziwa kuchuluka kwa mpweya poona magetsi ofunika kuti kawayako kakhalebe kotentha. Tonse tiwiri tinali titavala fumbi lofiira lomatirira, mbali yoyang'ana kumene mpweya umachokera. Fumbi limeneli limatchinjiriza kawaya kuti kasazizire msanga, ndiye mpweya ukachuluka sensa imanena zochepa. Ambiri amatsuka kadontho kooneka ngati mutu wa machesi kamene kali panja, n'kuganiza kuti amaliza, pamene ameneyo ndi sensa ya kutentha kwa mpweya chabe.

Fumbi silifika pamenepo lokha. Bokosi la fyuluta ya mpweya linali ndi kachitsulo kamodzi kotsekera kothyoka, chivundikiro chili chomangidwa ndi waya, ndipo pakona panali mpata wolowa chala chaching'ono. Fyuluta yakeyo inali yocheperako pa bokosilo, mphira wa m'mbali wosagwira bwino, ndipo poiunika kumbuyo ndi tochi munkaoneka timabowo ta kuwomberedwa ndi kompuresa. M'paipi yopita ku throttle munali fumbi lopaka chala. Galimoto yoyenda m'misewu yafumbi ya kuchigwa m'chilimwe siingapirire zimenezi.

Ndinatsuka sensayo ndi mankhwala opopera opangidwira MAF, osaikhudza ndi kanthu, n'kuisiya kuti iume yokha. Petulo, mankhwala a kabureta kapena kathonje kapamtengo zimaiwononga. Tinaika fyuluta ya saizi yake, tinapeza chivundikiro china chokhala ndi zotsekera zonse, n'kupukuta paipi. Pamsewu MAF inawerenga 48 pa 4,000 rpm, ndipo fuel trim ya pa kamtunda kaja inatsika kufika +13. Kujejema kwa pochoka pa malo kunachepa kwambiri, moti dalaivala anafuna kuitenga tsiku lomwelo. "Yadzukatu iyi, abwana," anatero. Ndinakana, chifukwa +13 ndi yokwerabe, ndipo dandaulo lalikulu linali la pa chitunda masana, limene tinali tisanaliyese.

Pulesha ya mafuta

Aliyense anali atachotsa mafuta pamlandu chifukwa choti "pampu ndi yatsopano". Mawu amenewa ndi amene anatsala pang'ono kugulitsa mayi aja giyabokosi. Pampu kukhala yatsopano si umboni woti mafuta akufika. Umboni ndi geji.

Pa injini imeneyi mafuta sabwerera ku thanki. Pampu, sefa yakumunsi, fyuluta yaikulu ndi regulator (chida chosunga pulesha pa mlingo wake) zonse zili pa chida chimodzi m'thanki, ndipo paipi imodzi yokha ndi imene imapita ku injini. Toyota imati pulesha ikhale pakati pa 304 ndi 343 kPa, kapena kuti 44 mpaka 50 psi, ndipo injini ikazima isatsike kupitirira 147 kPa m'mphindi zisanu. Ndisanamasule paipi ndinadula magetsi a pampu n'kuliza injini mpaka inazima yokha kuti pulesha ithe, chozimitsira moto chili pafupi.

Poima geji inasonyeza 310 kPa. Amene angayezere pomwepa n'kumasula geji akhoza kulumbira kuti mafuta ali bwino. Koma nditazimitsa injini singano inayamba kutsika ndikuiona, ndipo m'mphindi zisanu inali pa 90 kPa. Apa ndiye panali yankho la sitata yozungulira nthawi yaitali ija. Ndinatseka mbali ya injini n'kubwereza, pulesha inatsikabe chimodzimodzi, kusonyeza kuti mainjekita sakudontha ndipo kuthawa kwa mafuta kuli m'thanki momwemo.

Kenaka tinaitengera kumene imadwalira. Geji tinaimata ndi tepi kunja kwa galasi lakutsogolo. Paipi ya petulo siilowa m'kati mokhala anthu. Tinaika matumba a mchenga olemera ngati anthu odzaza galimoto, mafuta ali pansi pa kota, n'kutsikira kuchigwa kuti tikwere masana dzuwa litakhwima. Chikwawa ili pamtunda wa mamita pafupifupi 100 okha, ndiye pa makilomita ochepa a phirili injini imakweza katundu mamita mazana angapo osapuma. Pa makona oyambirira geji inali pa 300. Nditaponda moto kwambiri potuluka pa kona, singano inagwa kufika 240, kenaka 200, ndipo pomwepo galimoto inatsamwa monga ananenera dalaivala. Ndikachotsa phazi singano imabwerera pa 300 mwaulesi. Mafuta otuluka pa injekita amatsika motsatira sikweya ruti ya pulesha, choncho kuchoka pa 325 kufika pa 200 kPa kumachotsa pafupifupi 22 peresenti ya mafuta. Choipa china n'choti mukaponda moto wonse kompyuta imasiya kumvera sensa ya mu ekisozi n'kuthira mafuta motsatira tebulo lake, ndiye palibenso chokonza kuperewerako. Sensayo inkasonyeza mafuta ochepa pa nthawi imene imayenera kusonyeza ochuluka. Injini inayamba kugogoda pang'ono, knock sensor (sensa yomva kugogodako) inamva, kompyuta n'kuchedwetsa moto ndi madigiri angapo, mphamvu n'kutheratu.

Ndisanaloze m'thanki ndinayeza magetsi pa soketi ya pampu injini ikulira: 13.5 V, ndipo waya wa ethi sunkataya kanthu kodandaulitsa. Pampu zabwino zambiri zimatayidwa chifukwa cha relay (switchi yopereka magetsi ku pampu) yopserera kapena ethi yadzimbiri, ndiye muyeso umenewu sindiudumpha. Ndinayezanso kuchuluka kwa mafuta otuluka pa paipi ya ku injini: m'masekondi 30 munangogwa mamililita 300 m'botolo, ndipo apa n'kuti palibe pulesha yoti pampu ilimbane nayo. Injini ya mahatchi pafupifupi 110 pa mphamvu yake yonse imamwa malita 35 mpaka 40 pa ola, omwe ndi mamililita 300 omwewo pa masekondi 30. Panalibe chotsala ngakhale pang'ono.

Za m'thanki

Thanki ya Sienta imeneyi ndi ya malita 42, yophwatalala, yopangidwa choncho kuti mipando yakumbuyo izitha kulowa pansi pa yapakati. Tinaitsitsa n'kutulutsa chida cha pampu. Pampu inalidi yatsopano, koma anaivekanso sefa yakale. Sefayo, imene imayenera kukhala yoyera yooneka timabowo, inali yakuda bii, yomata matope ofiirira okhala ngati phala. Nditaifinya pa pepala loyera panatsala mchenga, tizidutswa ta dzimbiri ndi timaulusi ta nsalu. Fyuluta yaikulu, imene ili m'chikombole cha pulasitiki, inali isanasinthidwepo chichokereni ku Japan, ndipo poithira mafuta chakumbuyo munatuluka zakuda. Pamene mlomo wa pampu umalowa m'fyuluta pali O-ring, kamphira kozungulira kotseka mpata. Anaika yakale yomwe, youma, ndipo poikankha inapanidwa n'kung'ambika mbali imodzi. Pamenepo mafuta ankathawira m'thanki momwemo, popanda kadontho kooneka kunja kapena fungo. Pansi pa thanki panali madzi pafupifupi kapu imodzi osakanikirana ndi zinyalala.

Zimenezi zikufotokoza chilichonse chimene dalaivala ananena. Poima injini imamwa mafuta osakwana lita pa ola, ndiye ngakhale sefa yotsekeka imadutsitsa okwanira. Zili ngati kumwa thobwa ndi kapaipi kamene katsekeka ndi chimera: mukamayamwa pang'onopang'ono limabwera, mukakoka mwamphamvu kamaphwafuka. Masana petulo wa m'thanki amatentha, ndipo pampu ikamayamwa movutikira, petulo wotenthayo amasanduka nthunzi pakhomo pake n'kumapopa thovu. Mafuta akachepa m'thanki yophwatalala, pa chitunda ndi pa makona amathawira mbali imodzi, ndiponso pampu imasowa choiziziritsa chifukwa imazizira ndi mafuta omwewo.

Dalaivala sanabise kumene zinyalalazo zinachokera. Pa nthawi za kusowa kwa mafuta kuyambira mu 2022 ankagula wa m'zigubu m'mbali mwa msewu, wina wosungidwa m'migolo yachitsulo, kusefa kwake n'kansalu. Ankayendanso nyali ya mafuta itayaka masiku ambiri, chifukwa ndalama ya mafuta imachokera kwa okwera a ulendo womwewo. Sindimuweruza. Munthu amene akuyenera kupereka ndalama kwa mwini galimoto madzulo aliwonse sangagone pa mzere masiku awiri. Koma petulo wokhala ndi ethanol amakoka chinyezi, ndipo akakhalitsa m'chigubu chosatsekedwa bwino madzi ndi ethanol zimapatukana n'kukhala pansi, pamene sefa imayamwira.

Thanki tinaikhuthula, kuitsuka, n'kuiumitsa pamthunzi podutsa mphepo, kutali ndi owotcherera. Mkati munalibe dzimbiri lake lokha. Tinaika sefa yatsopano, fyuluta yaikulu yatsopano ndi ma O-ring atsopano, owapaka petulo pang'ono kuti alowe osapanidwa. Regulator tinaiyang'ana kasefa kake n'kuibwezeretsa. Za pampu ndinaganizira kaye. Inali itagwira ntchito movutikira kwa miyezi ingapo, ndipo njira yosavuta ikanakhala kuuza mayiwo kuti agule ina. Ndinasankha kuti muyeso ugamule: titamanga zonse, m'masekondi 30 munagwa mamililita 720, kalilidwe kake kali kosalala, pulesha poima 325 kPa, ndipo itazima m'mphindi zisanu inali pa 290. Pampu yotere palibe chifukwa choitayira. Paipi yopita ku injini tinaitsukira m'botolo mpaka mafuta anayera. Mainjekita tinawachotsa n'kuwayesa pa benchi. Awiri ankapopera mokhota pang'ono ndipo anawongoka atatsukidwa, onse anayi n'kumapereka mofanana.

Zotsatira

Tinafufuta manambala akale amene kompyuta inaphunzira kuti iyambe mwatsopano, n'kubwerera ku chitunda chomwecho ndi matumba omwewo, masana, mafuta ali pansi pa kota. Kuyesa m'mawa thanki itadzaza kukanakhala kudzinamiza. Geji siinatsike kupitirira 310 kPa ngakhale nditaponda moto wonse potuluka pa makona. Fuel trim inakhala pa +4 poima ndi +6 pa katundu, zimene zikugwirizana ndi petulo wathu. MAF inawerenga 49 pa 4,000 rpm, kugogoda kunatha, ndipo P0171 siinabwerere. Sitata imaliza injini nthawi yomweyo ngakhale itaima pa siteji.

Pa zida zonse zimene zinagulidwa kale, mapulagi okha ndi amene mwina ankafunikadi malinga ndi makilomita. Makoyilo akale ndinawabwezera kwa mayiwo kuti asunge, chifukwa ndi abwino. Ndinawaonetsanso sefa yakale ndi O-ring yong'ambika m'manja mwawo, kuti adziwe chimene alipirira. Mtengo wa ntchito yonse sunayandikire n'komwe wa giyabokosi ya ex-Japan, imene akanaimanga galimoto n'kumatsamwabe, ndipo kuyenda nthawi yaitali ndi mafuta ochepa chonchi kumatha kupsereza mavavu.

Dalaivala ndinamusiyira malangizo amene angathe kuwatsata pa ntchito yake. Mafuta asatsike kupitirira kota. Ndalama yake ndi yomweyo, kungoti ayambe kamodzi ndi thanki yokwera, ndipo mayiwo anavomera kumupatsa yoyambira. Akakakamizika kugula wa m'chigubu, ayambe wathira pang'ono m'botolo loyera lagalasi n'kudikira mphindi zingapo. Akaona mzere wa madzi pansi kapena petulo wachita mbuu, asiye. Azithira kudzera pa fanelo ya sefa yachitsulo ya timabowo ting'onoting'ono, osati nsalu, ndipo wapansi penipeni pa chigubu asamuthire. Fyuluta ya mpweya asamaiwombere ndi kompuresa. Aziigogoda pang'ono, ikada asinthe, ndipo m'chilimwe aziyang'ana ngati zotsekera bokosi zagwira zonse. Nyali ya check engine ikayaka abwere nayo ili choyaka.

Pa khadi la galimotoyi ndalembapo zinthu ziwiri zoti tidzazione pa sevisi yotsatira. Choyamba ndi pulesha ya mafuta pa katundu, popeza pampu ija inavutika ndipo ikhoza kufooka msanga kusiyana ndi zinzake. Chachiwiri ndi kompulesheni ya silinda yachitatu, imene inali pa 1,270 kPa. Injiniyi inameza fumbi kwa nthawi ndithu, ndiye tidzayezanso n'kuyerekeza ndi nambala imeneyi, pamodzi ndi kuchuluka kwa oyilo amene ikudya pa makilomita 1,000 alionse.